WILL ROGERS (1879–1935): MBIRI YA KATSWIRI WA KUCHEZA

Mau Oyamba

Pakati pa Acheŵa, munthu wodziŵa kusimba nthano ndi munthu wodziŵa kucheza ndi anthu aŵiri osiyana. Wosimba nthano ali ndi khomo lake loloŵera: amayamba ndi padangokhala, omvera nayankha kuti tilitonse, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amadziŵa kuti zimene zikubwerazo n'zopeka. Wocheza alibe khomo lotere. Amangokhala pansi pabwalo kapena pakhonde, nafunsa za mvula, nadandaula za mtengo wa mchere, ndipo anthu amadzazindikira ali m'kati moseka kuti munthuyo walasa kale mfumu ndi mau, mfumuyo ili pomwepo, nayonso ikuseka. Ophunzira za ntchito za pakamwa adalemba zambiri za nthano, miyambi, ndagi ndi nyimbo, koma luso la kucheza sadalilabadire kwenikweni, chifukwa ukatswiri wake wonse wagona pa kusaoneka ngati luso.

Mbiri ya Will Rogers, wanthabwala wa ku America amene adayambira ntchito ya zisudzo ku South Africa, ndi yothandiza pa nkhani imeneyi. Iye adatenga kayankhulidwe ka pakhonde nakwera nako pa nsanja, m'nyuzipepala ndi pa wailesi, mpaka dziko lonse la kwawo lidamzoloŵera ngati mnansi. Moyo wake uonetsa mphamvu ya luso limeneli, ndiponso uonetsa pamene limathera.

Kubadwa ndi Kukula Kwake

William Penn Adair Rogers adabadwa pa 4 Novembala 1879 pa famu ya ng'ombe ya makolo ake pafupi ndi Oologah, m'dera limene panthaŵiyo linkatchedwa Indian Territory, ndipo m'chaka cha 1907 lidaloŵa m'chigawo chatsopano cha Oklahoma. Makolo ake onse aŵiri adali ndi magazi a mtundu wa Cherokee, mtundu umene boma la United States lidausamutsa mokakamiza m'zaka za m'ma 1830 kuuchotsa ku malo a makolo ake. Bambo ake, a Clement Vann Rogers, adali munthu wachuma ndi womveka, woŵeruza milandu ndiponso phungu m'nyumba ya malamulo ya mtunduwo. Ukapolo usanathe adali ndi akapolo achikuda, ndipo pa nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya 1861 mpaka 1865 adamenya ku mbali ya zigawo za kum'mwera. Mai ake, a Mary America Schrimsher, adamwalira m'chaka cha 1890, Will, amene adali mzime mwa ana 8, ali ndi zaka 10.

Mnyamatayo sadakonde sukulu. Adasinthasintha masukulu angapo, ndipo m'chaka cha 1898 adachoka ku Kemper Military School, ku Boonville m'chigawo cha Missouri, nakagwira ntchito youŵeta ng'ombe ku Texas. Chimene mtima wake udali nacho ndi chingwe chija chokhala ndi khwekhwe kumapeto, chimene abusa a kumeneko amaponya kuti akole ng'ombe ikuthamanga. Amene adamphunzitsa kuponya chingwecho ali mwana ndi Dan Walker, munthu wakuda amene ankagwira ntchito pa famu ya bambo ake.

Ulendo wa ku South Africa

Kumayambiriro kwa chaka cha 1902 Rogers adanyamuka ndi mnzake kupita ku Argentina, poganiza kuti akapeza chuma pa ntchito ya ng'ombe. Ndalama zidamthera ku Buenos Aires, mnzake uja nabwerera kwawo. Posoŵa pogwira, adalembedwa ntchito yosamala ziŵeto m'sitima ya pamadzi imene inkanyamula akavalo, nyulu ndi ng'ombe kupita nazo ku Durban. Nthaŵi zina kumamveka kuti iye adaphunzitsa akavalo a asilikali pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu, koma nkhondoyo idatha pa 31 Meyi 1902, iye asanaponde m'dzikomo. Ntchito imene adayamba kugwira idali ya pa famu ya James Piccione ku Mooi River, m'dera la Natal, ndipo pambuyo pake adayendetsako nyulu ku Ladysmith.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho adakumana ndi gulu la zisudzo loyendayenda la Texas Jack, limene linkaonetsa maseŵero a abusa a ng'ombe a ku America m'mizinda ya South Africa. Rogers ataonetsa zimene ankatha kuchita ndi chingwe, adalembedwa ntchito napatsidwa dzina la pa nsanja lakuti The Cherokee Kid. Apa mpamene padayambira ntchito imene adafa nayo. Iye mwini, atatchuka kale, ankanena kuti Texas Jack ndiye adamphunzitsa chinsinsi chachikulu cha wosangalatsa anthu, ndicho kudziŵa nthaŵi yotsikira pa nsanja anthu akadafuna zina. M'chaka cha 1903 adaoloka kupita ku Australia ndi New Zealand, kumene adaseŵera m'gulu la Wirth Brothers, ndipo adafika kwawo m'chaka cha 1904.

M'mene Chingwe Chidabalira Mau

Mu Epulo 1905, pa chionetsero cha akavalo ku Madison Square Garden mu mzinda wa New York, ng'ombe ina idapulumuka niloŵa m'mipando ya anthu oonerera. Rogers adali m'gulu la amene adaithamangira, naikola ndi chingwe, ndipo nyuzipepala zidalemba dzina lake. Posakhalitsa adaloŵa m'mabwalo a vaudeville, kumene oimba, ovina, amatsenga ndi anthabwala ankaonekera motsatizana usiku umodzi. Poyamba ankaseŵera osayankhula: mnzake Buck McKee ankathamangitsa kavalo pa nsanja, iye nakola kavalo ndi wokwera yemwe.

Mau adabwera mochita kugwera. Anzake adamlangiza kuti aziyamba wafotokozera anthu chimene ati achite, popeza ambiri sankazindikira kuvuta kwake. Atatsegula pakamwa, anthu adaseka, chifukwa kayankhulidwe kake kokoka mau ka kumidzi ya Oklahoma kadali kachilendo m'makutu a anthu a mu mzinda. Iye adakhumudwa, poyesa kuti akumnyoza. Koma pang'onopang'ono adazindikira kuti chimene adachiyesa chilema ndicho chidali chuma chake. Adayamba kukonzeratu mau oti anene chingwe chikaphonya, kenaka nayamba kuphonyetsa dala kuti mauwo apeze malo. Chingwe chija, chimene chidali seŵero lenileni, chidasanduka chogwiriziza m'manja, monga momwe mkulu wocheza pabwalo amasemera mpini kapena kuluka mphasa uku akuyankhula.

Pa 25 Novembala 1908 adakwatira Betty Blake wa ku Arkansas, ndipo adabereka ana 4, mmodzi mwa iwo, Fred, namwalira ali wamng'ono m'chaka cha 1920. Mai ameneyu adathandiza kusintha ntchito ya mwamuna wake. M'chaka cha 1915 Rogers adaloŵa m'chionetsero cha pakati pa usiku cha Florenz Ziegfeld chotchedwa Midnight Frolic. Vuto la kumeneko lidali lakuti anthu olemera omwewo ankabwera usiku ndi usiku, kotero kuti nthabwala ya dzulo sinkagwiranso ntchito lero. Betty, poona kuti mwamuna wake ankatha maola akuŵerenga nyuzipepala ndi kumaseka zimene wapezamo, adamuuza kuti azikamba zomwezo pa nsanja. Kuyambira pamenepo nkhokwe yake ya nthabwala idakhala nkhani za tsikulo, ndipo m'chaka cha 1916 adakwezedwa kuloŵa m'chionetsero chachikulu cha Ziegfeld Follies, m'mene adaonekera zaka zingapo mpaka 1925.

Kapangidwe ka Luso Lake

Anthabwala a nthaŵi imeneyo ankavala zovala zoseketsa, ankafuula, ndipo nthabwala zawo zidali zoloŵeza pamtima, zokhala ndi poyambira ndi pothera podziŵika. Rogers ankatulukira pa nsanja ngati munthu amene wasokera njira. Ankayang'ana pansi, nakanda kumutu, natafuna chingamu, nayamba ndi kudandaula kuti alibe chonena ndipo sadziŵa kanthu kupatula zimene waŵerenga m'nyuzipepala. M'kayankhulidwe kameneka mudali mfundo zinai zoyenera kuzisiyanitsa.

Yoyamba ndi kudzichepetsa. Asanaseke munthu wina ankayamba wadziseka yekha, umbuli wake ndi kulephera kwake sukulu, kotero kuti pofika pa nduna kapena phungu, omvera adali atamuika kale m'gulu lawo. Yachiŵiri ndi kudekha. Ankasiya mpata pakati pa mau, chingwe chikuzungulira, ngati kuti ganizolo likumfikira nthaŵi yomweyo, ndipo mau olasa ankawaponya motsitsa, ngati ongowonjezera. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo omvera ake adaphunzira kudikira. Yachitatu ndi choonadi. Iye ankakhulupirira kuti nthabwala yabwino iyenera kuimirira pa chinthu choona chimene changokuzidwa pang'ono, ndi kuti kuseka kopambana ndi kuja kumene munthu amayamba waganiza, kenaka nakodola mnzake kuvomereza kuti zimenezo n'zoona. Yachinai ndi chiyankhulo chenichenicho. Sadasiye Chingerezi cha kumidzi kwawo, chimene aphunzitsi ankachiyesa cholakwika, ndipo ngakhale polemba ankasiya dala zizindikiro za m'kalembedwe ndi kupotoza masipelo, kuti woŵerenga amve liwu la munthu m'malo moona zilembo. Buku lake la 1924 adalitcha The Illiterate Digest, monyogodola magazini yotchuka ya ophunzira yotchedwa The Literary Digest.

Zonsezi zidali ntchito yokonzedwa. Munthu amene ankadzitcha mbuliyu ankaŵerenga nyuzipepala zingapo tsiku lililonse, nasankha, nayesa, nataya zimene sizidagwire. Kuoneka ngati sadakonzeke ndiko kudali kukonzeka kwake.

Ufulu Wonyoza Akuluakulu

Mu Meyi 1916, ku Baltimore, Pulezidenti Woodrow Wilson adabwera kudzaonerera chionetsero chimene Rogers adalimo. Asilikali a America adali panthaŵiyo ku Mexico kusakasaka Pancho Villa osampeza, ndipo Rogers, ali ndi mantha aakulu, adaseka za kulephera kumeneko mwini wake wa asilikaliwo ali pomwepo. Anthu adayamba ayang'ana kwa Pulezidenti, ndipo ataona kuti akuseka, nawonso adamasuka. Kuchokera tsiku limenelo atsogoleri onse a dzikolo mpaka Franklin Roosevelt adalaŵa lilime lake.

Ufulu wotere si wachilendo kwa aŵerengi a kuno. Msuweni amatha kunena kwa msuweni wake mau amene mlendo atawanena pangakhale mlandu, ndipo adzukulu pa maliro amaseka ndi kunyogodola pamene ena onse akulira. A. R. Radcliffe-Brown, amene kuyambira 1921 adali pulofesa woyamba wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu pa University of Cape Town, adalemba m'chaka cha 1940 m'magazini ya Africa kuti ubale wanthabwala ndi chipongwe chololedwa, m'mene chikondi ndi udani zimakhalira pamodzi popanda kuyambana. J. Clyde Mitchell, m'buku lake la 1956 lonena za gule wa kalela ku migodi ya Copperbelt, adaonetsa kuti ubale womwewo umamera ngakhale pakati pa mitundu imene kale inkamenyana, monga Angoni ndi Abemba. Kusiyana kwake n'kwakuti msuweni amabadwa nawo ufulu wake, pamene Rogers adachita kudzipangira ndi kayankhulidwe: adadzisandutsa msuweni wa dziko lonse.

Nyuzipepala, Wailesi ndi Kanema

Mu Disembala 1922 adayamba kulemba nkhani ya mlungu ndi mlungu, ndipo kuyambira 1926 ankatumizanso pa lamya kankhani kakafupi tsiku lililonse, kulikonse kumene ali, kamene kankasindikizidwa mu The New York Times ndi m'nyuzipepala zina mazanamazana, n'kuŵerengedwa ndi anthu pafupifupi 40 miliyoni. Nkhani zonse zimene adalemba zidapitirira 4,000. M'chaka cha 1928 magazini ya Life idamuimika mwanthabwala ngati wopikisana nawo pa chisankho cha Pulezidenti, ndipo lonjezo lake lidali limodzi lokha, lakuti akapambana atula pansi udindowo.

Kanema wake woyamba, Laughing Bill Hyde, adatuluka m'chaka cha 1918, koma makanema opanda mau adamlanda chida chake chachikulu. Mau atayamba kumveka m'makanema, kuyambira ndi They Had to See Paris wa 1929, adakwera mpaka kukhala woseŵera wokoka anthu ambiri koposa onse m'dzikomo m'chaka cha 1934. Onse pamodzi adaseŵera m'makanema 71. Pa wailesi, m'pulogalamu ya Lamulungu madzulo ya kampani ya Gulf kuyambira 1933, kucheza kwake kunkapitirira nthaŵi yoikika, motero ankabwera ndi wotchi ya belu, ndipo ikalira ankalekera pomwepo ngakhale pakati pa chiganizo.

Kulemera kwa liwu lake kudaoneka bwino pa nthaŵi ya mavuto a zachuma amene adayamba m'chaka cha 1929. Kumayambiriro kwa 1931 adayendera zigawo za Texas, Oklahoma ndi Arkansas, kumene chilala chidasautsa alimi, kusonkhetsa ndalama zothandizira anjala. Pa 18 Okutobala chaka chomwecho adayankhula pa wailesi m'pulogalamu imodzi ndi Pulezidenti Herbert Hoover. Ndi liwu lake lomwe lija la pakhonde adauza dziko kuti anthu akugona ndi njala nkhokwe zili zodzaza, kuti vuto si kusoŵa kwa chuma koma kagaŵidwe kake, ndi kuti anthu osoŵa ntchitowo ndiwo adapanga chuma chimene olemera adali nacho. Wandale akadanena zomwezo akadatchedwa woukira. Kwa Rogers anthu adazilandira ngati nzeru za mnansi.

Pamene Lusolo Lidathera

Ubale wanthabwala uli ndi lamulo lake: wonyozedwayo ayenera kukhala ndi mphamvu yobwezera. Msuweni akakunena lero, iwe udzamnena maŵa. Nthabwala za Rogers pa mapulezidenti ndi eni mabanki zinkakwera kumtunda, kwa anthu amene adali ndi njira zambiri zodzitetezera. Koma si mau ake onse amene adaloza kumeneko.

Makalata amene ankalembera abale ake ali ku South Africa, ena mwa iwo nasindikizidwa m'nyuzipepala ya kwawo ku Claremore, ndipo pambuyo pake m'buku loyamba la The Papers of Will Rogers la 1996, amafotokoza Azulu ndi anthu ena akuda ndi mau achipongwe amene azungu a kumeneko ankagwiritsa ntchito. Mwana wa mtundu umene udalandidwa dziko, wophunzitsidwa chingwe ndi munthu wakuda, waganyu wosoŵa ndalama m'dziko la eni, atafika ku Natal adaŵerengedwa ngati mzungu, ndipo adaona anthu a kumeneko ndi maso a mzungu. Izi zidachitika m'zaka zomwe zija zimene amuna a ku Nyasaland adayamba kulembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya Johannesburg. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata: makalatawo akali kuŵerengedwa.

Mu Januwale 1934, pofotokoza za nyimbo ina pa wailesi, adatchula kangapo liwu lonyozera anthu akuda a ku America. Nthaŵi imeneyi onyozedwawo adayankha: nyuzipepala za anthu akuda ndi bungwe la NAACP zidadzudzula kwambiri, ndipo ena adaitanitsa kuti anthu aleke kugula mafuta a Gulf. M'makanema monga Judge Priest wa 1934 adaseŵera pamodzi ndi Stepin Fetchit, amene gawo lake lidali la munthu wakuda waulesi ndi wogona m'mutu. Ndiponso atacheza ndi Benito Mussolini m'chaka cha 1926 adalemba momuyamikira. Zolakwa zimenezi zidatuluka pa khomo lomwe lidatulukira zabwino zija. Munthu woyankhula momasuka ngati ali kwawo amatulutsa nzeru za kwawo pamodzi ndi tsankho la kwawo, ndipo popeza liwu lake ndi laubwenzi, omvera amameza zonse osasankha.

Imfa Yake ndi Zimene Adasiya

Rogers adakonda ndege pa nthaŵi imene ambiri ankaziopa. Mu Ogasiti 1935 adanyamuka ndi mnzake wa ku Oklahoma, Wiley Post, munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi pa ndege ali yekha, kupita ku Alaska. Pa 15 Ogasiti adatera pa thamanda lina pafupi ndi Point Barrow kuti afunse njira chifukwa cha nkhungu. Pouluka, injini idazima, ndegeyo nigwera m'madzi, ndipo onse aŵiri adafera pomwepo. Clair Okpeaha, mlenje wa mtundu wa Iñupiat amene adaona ngoziyo, adathamanga ulendo wautali kukanena uthengawo ku Barrow. Rogers adali ndi zaka 55.

Adaikidwa poyamba ku California, ndipo m'chaka cha 1944 mtembo wake udasamutsidwira ku Claremore, pa nyumba ya chikumbutso imene idatsegulidwa m'chaka cha 1938. Chigawo cha Oklahoma chidaika fano lake m'nyumba ya malamulo ku Washington m'chaka cha 1939. Nyumba yake ya ku Pacific Palisades, imene idasungidwa zaka zambiri ngati malo oti anthu azikaona, idapsa ndi moto wolusa mu Januwale 2025.

Chimene sichidapse ndi njira imene adatsegula. Pamene Mort Sahl adakwera pa nsanja ku San Francisco m'chaka cha 1953, nyuzipepala ili m'manja, nayamba kucheza za ndale, ankaponda m'mapazi a Rogers, ndipo wanthabwala aliyense amene amaima yekha pamaso pa anthu n'kumayankhula ngati akucheza ndi anzake ali m'mzere womwewo. Ku Malaŵi, John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene adadziŵika ndi maina akuti Izeki ndi Jakobo namwalira m'zaka za 2016 ndi 2021, adaonetsa kuti Chicheŵa cha tsiku ndi tsiku, choyankhulidwa ndi anthu aŵiri ooneka ngati angokumana pa njira, chingathe kunyamula nkhani zolemera zimene chilankhulo cha pa msonkhano chimazizemba. Iwo sadachite kubwereka luso limeneli kunja, pakuti lidalipo kale pabwalo, pa dambwe la mowa ndi pa siwa. Chotsalira kwa ophunzira zinenero za Chibantu ndi kulitola monga adatolera nthano ndi miyambi, kulemba mipata yake, kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndi mayankho a omvera, ndiponso kufunsa pa nthabwala iliyonse funso limene moyo wa Rogers ukusiya: kodi amene akusekedwayo ali ndi pakamwa pobwezera?